Kodi nthano ipitirire mwini wake akamwalira?

Kadzidzi: Moni nonse a pa gulu. Pali nkhani imene yakhala ikundivuta mumtima chimwalirire Akira Toriyama, wojambula makomiki (nthano za zithunzi) wa ku Japan amene anayambitsa Dragon Ball, pa 1 Malichi 2024, ndiye ndati ndiitule pano kuti timvane maganizo. Mkuluyu anatisiya ali ndi zaka 68, ndipo Dragon Ball Super, imene ankapanga limodzi ndi wojambula mnzake Toyotarou, inaima pa mutu 103 mwezi womwewo. Mu Febuluwale 2025 kunatuluka mutu umodzi wapadera. Ambiri akuti Toyotarou angopitiriza yekha, koma ine mtima ukukana. Goku, ngwazi ya nthanoyi, anabadwa m'dzanja la munthu mmodzi mu 1984. Nthabwala zija, magalimoto ozungulira aja, zinyama zovala malaya zija, zonsezo zinali za munthu ameneyo. Kodi mwini nthano akapita, nthanoyo ipitirire kapena igone naye limodzi?

Nyenyezi: A Kadzidzi, musaiwale kuti Toyotarou wakhala akujambula Super kuyambira 2015. Si mlendo wongobwera dzulo ayi. Toriyama ankapereka mutu wa nkhani n'kumawongola masamba, koma cholembera chinali m'dzanja la Toyotarou zaka zonsezi. Ngati munkasangalala ndi nkhondo ya Moro, munkasangalala ndi ntchito yake.

Kadzidzi: Zoona achemwali, koma panali diso lomuyang'anira. Diso limenelo ndi limene lapita.

Njovu84: Funsoli linayankhidwa kale ndi Berserk. Kentaro Miura anamwalira mu Meyi 2021 ali ndi zaka 54, nthano imene anaiyamba mu 1989 isanathe. Tonse tinkaganiza kuti basi, Guts, ngwazi ya nthanoyo, wathera panjira. Mu Juni 2022 inayambiranso. Akujambula ndi anyamata a Studio Gaga amene Miura anawaphunzitsa yekha, ndipo akuwatsogolera ndi Kouji Mori, mnzake wa Miura kuyambira ali pasukulu. Mori ananena kuti Miura anamufotokozera nkhani yonse mpaka kumapeto, ndipo iye adzalemba zokhazo zimene anauzidwa osawonjezerapo zake. Ine ndikawerenga mitu yatsopanoyi ndimaona kuti mawu achepa, masamba ena amathamanga, koma ulemu ulipo. Bola mnzake weniweni atiuze mathero kusiyana n'kuti tife tisakudziwa.

Cholembera: Ine monga wojambula ndinene chimodzi pa Berserk. Anyamata aja amatha kujambula zida ndi zilombo ngati mbuye wawo, palibe wotsutsa. Chimene chinapita ndi kadulidwe ka tsamba. Miura ankadziwa malo oimitsira diso la wowerenga: kabokosi kakang'ono ka nkhope yachete, kenako mukatembenuza tsamba, chithunzi chodzaza masamba awiri. Zimenezo munthu sangamuuze mnzake pocheza. Mori anamva nkhani, koma kapumidwe ka nkhaniyo kanali m'thupi mwa Miura.

Njovu84: Ndiye mukuti akanaisiya?

Cholembera: Ayi. Ndikuti tiiwerenge tikudziwa chimene tikuwerenga. Ndipo ndimawayamikira chifukwa sabisa, mayina awo amalembedwa poyera.

MphunzitsiWakale: Ana anga, ndilowepo pang'ono, poti ine ndinayamba kuwerenga makomiki a ku Ulaya ambiri a inu musanabadwe. Kumeneko njira ziwiri zonsezi zinayesedwa ndipo zotsatira zake tikuziona.

Hergé, mwini Tintin, sanafune kuti wina adzapitirize iye atapita. Anamwalira mu 1983 akugwira buku lomaliza, ndipo mu 1986 linasindikizidwa momwe analisiyira, zolembalemba za pensulo, nkhani yodukira pakati. Mpaka lero palibe buku latsopano la Tintin. Charles Schulz nayenso anajambula Peanuts yekha kwa zaka pafupifupi 50, anamwalira pa 12 Febuluwale 2000, ndipo mawa lake ndi pamene kachigawo kake kotsanzikira kanatuluka m'nyuzipepala.

Asterix anatenga njira ina. René Goscinny, wolemba, anamwalira mu 1977, ndipo Albert Uderzo anapitiriza yekha kulemba ndi kujambula. Kunena mosapsatira, ambiri mwa mabuku amene Uderzo analemba yekha safika pa a Goscinny, ngakhale zithunzi zinali zokongola monga kale. Atakalamba anavomera kuti ena atenge ntchitoyo, ndipo mu 2013 Jean-Yves Ferri ndi Didier Conrad anatulutsa buku lawo loyamba iye akadali moyo. Uderzo anamwalira mu 2020. Panopa akulemba ndi Fabcaro, ndipo buku la nambala 41, limene Asterix ndi Obelix apita ku Lusitania, dera limene lero ndi Portugal, linatuluka mu Okutobala 2025 ndi makope 5 miliyoni osindikizidwa poyambira. Ine funso langa silikhala loti ipitirire kapena ayi. Limakhala loti, mwini wake anati chiyani akadali ndi mpweya? Hergé anakana, anamumvera. Uderzo analola, anamumvera. Onse awiri analemekezedwa.

Nyenyezi: Zikomo aphunzitsi, apa mwatitsegula maso.

Kadzidzi: Bambo, mfundo yanuyo ndaimva ndipo yandikhudza. Koma imagwira pokhapokha ngati nthanoyo ndi ya wojambulayo. Nanga ku America, kumene Batman ndi Spider-Man ndi katundu wa kampani?

Njovu84: Kumeneko kusinthana manja ndiye moyo wa nthano. Taonani zimene zachitika posachedwapa. Mu Okutobala 2024 DC, kampani ya makomiki a Batman ndi Superman, inatulutsa Absolute Batman ya Scott Snyder ndi Nick Dragotta. Bruce Wayne (Batman mwini) wa mmenemo alibe chuma, alibe chinyumba, bambo ake anali mphunzitsi, mayi ake ali moyo, iye ndi injiniya wa zomangamanga, chimunthu chachikulu ngati khoma. Inagulidwa kwambiri moti anaisindikiza mobwerezabwereza. Absolute Wonder Woman ya Kelly Thompson ndi Hayden Sherman, Diana (Wonder Woman mwini) akuleredwa ndi mfiti Circe kudziko la akufa, ine ndimaiona ngati yoposa zonse pa gulu limenelo. Ku Marvel nako, kampani ya Spider-Man, Ultimate Spider-Man ya Jonathan Hickman ndi Marco Checchetto inayamba mu Januwale 2024 ndi Peter Parker (Spider-Man mwini) wamkulu, wokwatira Mary Jane, wa ana awiri. Batman akanagona limodzi ndi amene anamupanga mu 1939, zonsezi sitikanaziona.

MphunzitsiWakale: Mwananga, mwati "amene anamupanga". Ndani? Kwa zaka zoposa 70 pa makomiki a Batman pankalembedwa dzina la Bob Kane lokha. Bill Finger, amene analemba nkhani zoyambirira ndi kuthandiza kuumba maonekedwe a Batman, anamwalira mu 1974 ali wosauka, ndipo dzina lake linayamba kulembedwa mu 2015. Jerry Siegel ndi Joe Shuster anagulitsa Superman mu 1938 pa madola 130. Mpaka mu 1975, ojambula anzawo atachita phokoso, ndi pamene kampani inavomera kuwapatsa madola 20,000 pachaka aliyense ndi kubwezera mayina awo. Tsono mu Epulo 2024 kope limodzi la Action Comics nambala 1, momwe Superman anaonekera koyamba, linagulidwa pa madola 6 miliyoni. Kope limodzi. Ndikamaganiza zimenezi chimwemwe cha Absolute Batman chimandichepera, ngakhale sindikana kuti ndi ntchito yabwino.

Njovu84: Sindikutsutsa bambo. Koma kulakwa kwa 1938 si kwa Snyder ndi Dragotta.

Cholembera: Si kwawo, koma dongosolo lake ndi lomwelija. Ukajambulira Marvel kapena DC umalipidwa pa tsamba, ndipo chilichonse chatsopano chimene waika mmenemo chimakhala cha kampani. Ed Brubaker, amene pamodzi ndi Steve Epting anabweretsa Winter Soldier, mmodzi wa anthu a m'nthano za Marvel, wakhala akudandaula poyera kuti zimene anapeza kuchokera ku mafilimu a munthu ameneyu n'zochepa kwambiri. Ana a Jack Kirby, wojambula amene anathandiza kupanga ngwazi zambiri za Marvel, anakokana ndi Marvel m'makhoti mpaka anagwirizana mu 2014, Kirby atamwalira kale zaka 20. N'chifukwa chake mu 1992 ojambula otchuka monga Todd McFarlane ndi Jim Lee anachoka ku Marvel n'kuyambitsa Image Comics, kumene nthano imakhala ya woipanga. Ubwino wake unaoneka mu Julayi 2019, pamene Robert Kirkman anathetsa The Walking Dead pa nambala 193 mosachenjeza aliyense, ikugulidwabe bwino. Kampani ikanakhala mwini wake sikanalola.

Mai_aAwiri: Pepani ndalowa mochedwa, ndawerenga zonse kuchokera pamwamba. Chimene chikundiwawa ine ndi zaka za anthu amene mukuwatchulawa. Miura 54. Wojambula Solo Leveling, Jang Sung-rak, amene ankadziwika kuti DUBU, anamwalira mu Julayi 2022 ali ndi zaka 37. Ian McGinty wa ku America anamwalira mu Juni 2023 ali ndi zaka 38, ndipo pambuyo pake ojambula ambirimbiri analemba pa Twitter pansi pa #ComicsBrokeMe za malipiro ochepa ndi kugona pa tebulo lojambulira. Tikukangana zoti nthano ipitirire mwini wake akafa, bwanji osayamba tafunsa momwe akukhalira akadali moyo?

Kadzidzi: Mayi, apa mwalasa.

MphunzitsiWakale: Mwalankhula zoona mayi, kungoti tisamale pang'ono. Aliyense mwa anthuwa anali ndi matenda ake, ndipo ife si madokotala awo kuti tinene kuti inawapha ndi ntchito. Chimene tinganene molimba mtima ndi chimene amoyo akunena okha.

Nyenyezi: Ndipo akunena. Yoshihiro Togashi wa Hunter x Hunter wafotokoza yekha za msana wake, kuti panali nthawi imene sankatha kukhala pampando, n'chifukwa chake nthanoyo imaima zaka. Mu magazini ya makomiki ya ku Japan ya Weekly Shonen Jump munthu amayenera kupereka masamba pafupifupi 19 sabata iliyonse. Eiichiro Oda wachita zimenezi ndi One Piece kuyambira 1997, ngakhale masiku ano amapuma sabata imodzi pakapita masabata angapo, ndipo mu 2023 anapuma mwezi wathunthu kuti akachitidwe opaleshoni ya maso. Kohei Horikoshi anamaliza My Hero Academia mu Ogasiti 2024 atagwira zaka 10, ndipo chakumapeto ankapuma pafupipafupi chifukwa cha thanzi. Jujutsu Kaisen inatha mu Seputembala chaka chomwecho. Anthu anakwiya kuti mathero ake anathamanga, ena mpaka kutukwana mwini wake Gege Akutami pa intaneti. Ine zinandipweteka kwambiri. Munthu wakupatsa mitu 271, iwe umuthokoze ndi chipongwe?

Njovu84: Kutukwana n'kolakwika, koma kudandaula ndi ufulu wa wowerenga. Mathero a Jujutsu Kaisen anasiya zambiri m'malere, ndipo kunena zimenezo si kupanda chifundo.

Nyenyezi: Kudandaula za nthano inde achimwene, osati kuukira munthu. Komanso ambiri mwa okuwa kwambiriwo amawerengera pa masamba akuba, mutu usanatuluke n'komwe. Kampani yosindikiza ya Shueisha inatsegula tsamba la Manga Plus mu 2019 kuti mitu yatsopano tiziwerenga mwaulere komanso mwalamulo, nthawi yomweyo imene ikutuluka ku Japan. Palibenso chifukwa chobera. Mu Epulo 2024 khoti la ku Tokyo linalamula amene ankayendetsa tsamba lakuba la Mangamura kuti alipire makampani atatu osindikiza ndalama zokwana pafupifupi mayeni 1.7 biliyoni.

Cholembera: Ndibwerere ku funso la a Kadzidzi, chifukwa pali chinthu chimene chalisintha kotheratu ndipo sitinachitchule. Kale kuti nthano ya womwalira ipitirire pankafunika munthu amene wathera zaka akuphunzira dzanja la mbuye wake. Lero pali makina a AI, mapulogalamu a kompyuta amene amaphunzira pa zithunzi za anthu n'kumapanga zatsopano. Kim Jung Gi, katswiri wa ku South Korea amene ankajambula chikhamu cha anthu kuchokera m'mutu popanda kuyamba ndi pensulo, anamwalira mu Okutobala 2022 ali ndi zaka 47. Pasanathe sabata wina anali atadyetsa kale zithunzi zake ku makina n'kulengeza kuti aliyense angathe kupanga zithunzi zonga zake. Anati ndi ulemu. Ojambula padziko lonse anakwiya, ndipo ine ndinali nawo limodzi. Maliro asanathe n'komwe, wina akugawa kale dzanja la malemu.

Ndiye pali ya Black Jack. Mwini wake Osamu Tezuka anamwalira mu 1989, koma mu Novembala 2023 magazini ya Weekly Shonen Champion inatulutsa mutu watsopano wopangidwa mothandizidwa ndi AI, mwana wake Makoto Tezuka ali m'gulu lotsogolera ntchitoyo. Apa banja linavomera, ndipo anthu ndi amene anamalizitsa zithunzi. Komabe mwini wake sanafunsidwe, ndipo sakanafunsidwa. Mfundo ya aphunzitsi ija, yoti timvere zimene munthu ananena akadali moyo, imasowa pogwira, chifukwa Tezuka sakanakaniza chinthu chimene kunalibe m'nthawi yake.

MphunzitsiWakale: Mwandigwira pamenepo mwananga. Ndiye kuti ojambula a lero ayenera kulemba zimenezi m'mapangano awo ndi m'makalata awo ogawira chuma chamasiye momveka bwino, asanapite.

Kadzidzi: Kodi malamulo akutipo chiyani pa zithunzi za makinazi?

Cholembera: Ku America chigamulo chodziwika ndi cha Zarya of the Dawn, komiki ya Kris Kashtanova imene zithunzi zake zinapangidwa ndi makina a AI otchedwa Midjourney. Mu Febuluwale 2023 ofesi yoona za umwini wa zolembedwa inati mawu ndi kasanjidwe ka masamba n'zotetezedwa chifukwa anazichita ndi munthu, koma zithunzizo pazokha ayi. Zimenezi zimatithandiza pang'ono, poti kampani siingakonde kuwononga ndalama pa zithunzi zimene wina aliyense angazitenge. Koma nkhani yoti makinawo anaphunzira pa ntchito zathu popanda chilolezo ndi ina, ndipo ndi imene imatisowetsa tulo.

Njovu84: Palinso mbali ina. Ngakhale mwini wake akane chotani, nthawi imadzakwana yoti nthano ikhale ya aliyense. Mickey Mouse woyambirira wa mu 1928 anamasuka ku America pa 1 Januwale 2024, patatha zaka 95. Popeye ndi Tintin woyambirira anatsatira pa 1 Januwale 2025, ngakhale ku mayiko a European Union Tintin adikira mpaka 2054, chifukwa kumeneko amawerenga zaka 70 kuchokera pa imfa ya mwini. Superman wa 1938 adzamasuka mu 2034, Batman mu 2035. Ndiye chifuniro cha Hergé chili ndi malire ake.

Mai_aAwiri: Zimenezo sizindidetsa nkhawa kwenikweni. Pakapita zaka 95 nthano imakhala italowa m'magazi a anthu, ndipo aliyense amadziwa kuti chatsopanocho si cha mwini wake. Chondiopsa ndi kunamizidwa, kugula buku lolembedwa dzina la munthu amene sanalione n'komwe.

Ndipo pali mabuku ena amene funsoli silingawakhudze. Maus ya Art Spiegelman ndi nkhani ya bambo ake enieni amene anapulumuka ku msasa wa chipani cha Nazi wopherako anthu wa Auschwitz. Ndani angaipitirize? Inalandira mphoto yapadera ya Pulitzer mu 1992, ndipo pamene bodi ya sukulu ya ku McMinn County ku Tennessee inaichotsa pa maphunziro mu Januwale 2022, anthu anaigula mwaunyinji mpaka inabwerera pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri. Mu 2025 Feeding Ghosts ya Tessa Hulls inapatanso Pulitzer. Ndi nkhani ya agogo ake aakazi, mtolankhani wa ku Shanghai amene anathawira ku Hong Kong, ya mayi ake, ndi ya iye mwini. Ndinaiwerenga pang'onopang'ono chifukwa masamba ake ndi odzaza ndipo nkhani yake ndi yolemera. Amene mumati makomiki ndi nkhonya ndi zovala zothina basi, yambani ndi limeneli.

Nyenyezi: Ndalilemba mayi, ndilifunafuna.

Kalulu_J: Moni akuluakulu, ine ndine watsopano pano. Ndimafuna kufunsa za Diamond, ndamva kuti inagwa. Zikukhudzana bwanji ndi ojambula?

Njovu84: Takulandirani achimwene. Diamond Comic Distributors ndi imene inkanyamula makomiki kuchoka kwa osindikiza kupita kumasitolo a makomiki ku America, ndipo kuyambira cha m'ma 1997 inali pafupifupi yokha pa ntchitoyi. DC inachokako mu 2020, Marvel inapita ku Penguin Random House mu 2021, Image inachoka mu 2023. Mu Januwale 2025 Diamond inakapempha chitetezo ku khoti chifukwa cha ngongole. Akuluakulu anali atapeza kale njira zina. Ovutika ndi osindikiza ang'onoang'ono, amene ndalama zawo ndi mabuku awo zinatsekeredwa m'nkhani za kukhotizo, ndipo kumeneko ndi kumene kumakhala nthano zambiri zimene eni ake ndi ojambula okha.

Cholembera: Komabe ojambula akagwirizana amamveka. Chikondwerero cha ku Angoulême ku France chakhala chikuchitika kuyambira 1974, ndipo ndi chimodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse. Cha Januwale 2026 chinalephereka chifukwa ojambula ambiri, kuphatikizapo Anouk Ricard amene anapata mphoto yaikulu ya 2025, anakana kupitako posakhutira ndi kayendetsedwe ka kampani yokonza mwambowo, ndipo osindikiza anawatsatira. Popanda ojambula panalibe choonetsa.

Kalulu_J: Zikomo. Nanga a ku Africa kuno zikuwayendera bwanji pa nkhani ya umwiniyi?

Nyenyezi: Zitseko zikutseguka. Kampani ya makomiki a ku Africa ya Kugali inagwira ntchito ndi Disney pa katuni ya Iwájú, nkhani yochitikira mu Lagos wa m'tsogolo, imene inatuluka mu Febuluwale 2024. Iyanu ya Roye Okupe inayamba ngati komiki ya YouNeek Studios, ikusindikizidwa ndi Dark Horse, ndipo mu 2025 inasanduka katuni pa Cartoon Network. Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Aya de Yopougon ya Marguerite Abouet ndi Clément Oubrerie, nkhani ya atsikana a ku Abidjan. Anatulutsa mabuku 6 kuyambira 2005 mpaka 2010, anaima zaka 12, n'kubwereranso ndi la nambala 7 mu 2022. Pa zaka zonsezo palibe anawalanda kuti apatse wina.

Cholembera: Ndipo a Kalulu_J, ngati mumajambula, mverani izi. Pangano lililonse muliwerenge mpaka kumapeto musanasaine. Muyang'ane zinthu izi: mwini wa anthu a m'nthano yanu akhala ndani, mudzalandira chiyani ikasanduka filimu kapena zidole, umwini udzabwerera kwa inu liti kampaniyo ikasiya kusindikiza kapena ikagwa, komanso ngati akuloledwa kudyetsa zithunzi zanu ku makina. Akakana kulemba zimenezi papepala, musasaine, ngakhale atakulonjezani zotani pakamwa.

Kadzidzi: Ndamva zonse anzanga. Pa Dragon Ball ndasunthako pang'ono. Toyotarou anasankhidwa Toriyama akadali moyo ndipo anagwira naye ntchito zaka pafupifupi 9, ndiye akapitiriza ndidzawerenga, bola pachikuto alembe zoona za amene walemba nkhaniyo. Koma pa za makina sindisuntha. Tsiku limene adzatulutse mutu wa Goku wojambulidwa ndi AI m'dzina la Toriyama, ine sindidzaugula.

Njovu84: Pa makina tili limodzi. Pa Berserk ndikadali pomwe ndinali, ndikufuna kuona mathero.

Mkhalapakati: Zikomo nonse pokambirana mwaulemu. A Cholembera, anthu atatu andilembera kumbali kupempha kuti nkhani ya mapangano ija muifotokoze mwatsatanetsatane, ndiye ngati mungathe itsegulireni mutu wakewake. Buku lowerengera limodzi mwezi ukubwerawu likhala Feeding Ghosts monga anenera a Mai_aAwiri. Amene muyambe msanga, chonde musaulule za m'kati mpaka tsiku lokambirana.

Cholembera: Chabwino, ndiutsegula Loweruka. A Kalulu_J, mukonzeretu mafunso anu.